Vigula wa a Joakimu

Ana anga, za ubwana wanga ku Kanduku mumazidziwa kale, ndipo si zambiri: mbuzi, khasu ndi kuotcha makala. Ndiyambira pa ntchito. Mungodziwa kuti dzina langa ndinalilemba koyamba ndili ndi ndevu, ku sukulu ya kwacha, mayi anu ali ndi pakati pa Esitere. Sindikunena izi kuti mundimvere chisoni ayi. Ndikufuna mumvetse mmene munthu wophunzira mochedwa amanyadira dzanja lake lolembera, mpaka kulikonda kuposa mnzake.

Chaka chachiwiri cha matipate

Ndinalembedwa ntchito yosesa ndi kulondera masana pa ofesi ya bungwe lina pa boma la Mwanza. Dzina lake ndilisiya. Bungweli linkagula nyali za sola kwa amalonda n'kumazigawa m'zipatala zing'onozing'ono ndi m'masukulu a kumidzi. Asanalandire katundu, ankayamba ayeza nyali zingapo kuti aone ngati zikuwaladi monga ananenera wogulitsa. Woyezayo anali a Joakimu, bambo wamtali wosakonda zolankhulalankhula, amene anabwera kuno nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki. Anzawo atabwerera kwawo, iwo anatsala chifukwa anali atakwatira kwa Nthache. Zamagetsi anaphunzira ku Tete. Chichewa ankalankhula bwino, koma Chingerezi chinkawavuta, ndipo akamawerengera ankang'ung'udza m'Chipwitikizi.

Tsiku lina ndikusesa pakhomo la chipinda chawo anandiitana. "Iwe Fanuwelo, tasiya kaye tsachelo. Pa nyali ziwirizi, yowala kwambiri ndi iti?"

Ndinaloza ina imene inkathobwa m'maso.

"Pulonto, wagula yonyenga," anatero, poti pulonto ndiye anali "basi" wawo wa Chipwitikizi. "Bwera uone."

Anali ndi bokosi la matabwa, lalitali ngati benchi, lopakidwa utoto wakuda m'kati monse. Kumapeto kwina ankaikako nyali, kwinaku kuli kadiso ka mita yoyezera kuwala, chingwe chake chitatulukira kunja. Akatseka chivundikiro, mita inkaonetsa nambala. Nyali imene ndinaisankha ija inapereka nambala yochepa kuposa inzake. Anandifotokozera kuti diso la munthu limasinthasintha: mumdima limatseguka, padzuwa limatsinzina, ndipo kuwala koyera mbee limakuyesa kwamphamvu. Mita ilibe zimenezo. Kenaka anandionetsa mita yachiwiri, yoyezera moto umene nyali ikudya m'batire. "Kuwala kokha si nkhani," anatero. "Ufunsenso kuti yadya zingati. Ukagawa kuwalako ndi moto umene yadya, udziwa ngati ili nyali yaulemu kapena yadyera."

Kuyambira tsikulo ndikatha kusesa ndinkalowa m'chipindamo. Malamulo awo anali ochepa koma sankawasintha. Mtunda wa pakati pa nyali ndi mita uzikhala umodzimodzi, ndipo anali ndi kandodo kodulidwa kale koyezera. Nyali iyambe yayaka kwa kanthawi usanawerenge. Uyeze poyamba, uyezenso patatha maola anayi, chifukwa nyali zambiri zimayamba ngati mkwati n'kutsiriza ngati nkhalamba. Uyeze katatu. Bwana wathu, a Mbewe, ataona kuti ndimalemba mooneka bwino, anandipatsa ntchito yokopera manambala a a Joakimu kuchoka pa pepala lawo lokandakanda kupita pa fomu ya Chingerezi. A Joakimu ankangosayina pansi. Madzulo a tsiku limenelo ndinauza mayi anu kuti tsopano ndine wa muofesi, ngakhale tsache linali likadali langa.

Chaka changa chachinayi pa ntchito, nthawi ya dzinja

Kunabwera nyali zamtundu watsopano, makatoni ambiri. A Joakimu anaziyeza Lachinayi. Lachisanu m'mawa kunafika uthenga woti mchimwene wawo wamwalira kutsidya kwa malire, kupitirira Zobue. Anasayiniratu fomu yosalembedwa, n'kundipatsa pepala lawo. "Ukopere bwinobwino, upereke kwa bwana," anatero, n'kunyamuka.

Pa pepalapo nambala yoyamba inali 90. Ya patatha maola anayi analemba 8,5. Kuyambira kale manambala onse amene ndinkakopera anali athunthu, opanda kachizindikiro kalikonse. Aphunzitsi athu a sukulu ya kwacha anatiuza kuti koma, kachizindikiro kopatula kaja, akakhala pakati pa manambala ndi wongopumitsa diso, ukhoza kumusiya osalakwa. Sindinkadziwa kuti Apwitikizi amalemba koma ameneyo pamene ife timaika kadontho, ndipo amamutcha vigula. A Joakimu ankatanthauza eyiti ndi theka, kusonyeza kuti nyalizo zinkafika pongotsala pang'ono kuzima. Ine ndinalemba 85, mokongoletsa, n'kudula mzere pansi ndi rula. A Mbewe anasangalala, analandira katundu yense, ndipo sabata isanathe nyalizo zinali zitafika m'zipatala.

Madandaulo sanachedwe. Anamwino ankati nyali zatsopanozo zikuwasiya mumdima ali pakati pa ntchito, mwakuti abwerera ku koloboyi. Palibe amene anamwalira, zimenezo ndinazifufuza ndekha mobisa kwa zaka zambiri, koma bungwe linachita manyazi aakulu. A Joakimu atabwera ku maliro anaitanidwa muofesi, inenso ndinaitanidwa.

"Nyalizi ndinazikana ine," anatero a Joakimu. "Ndinalemba eyiti vigula faifi."

"Vigula n'chiyani?" anafunsa a Mbewe. "Pa fomu pali eyite faifi, ndipo siginechayi ndi yanu. Wogulitsa uja anakupatsani zingati?"

Pomwepo ndinamvetsa chimene ndinachita. A Joakimu anatembenukira kwa ine. "Mphwanga, pepala langa lili kuti?"

Pepalalo linali m'thumba la shati imene ndinavala. Ndinaganiza za tsache, za kubwerera ku makala, ndi za anthu akuseka kuti wa sukulu ya kwacha walephera kukopera manambala awiri. Ndinati, "Ndinataya nditamaliza kukopera. Ndinakopera zimene zinalipo."

A Joakimu anandiyang'ana nthawi yaitali. Anachotsedwa ntchito mwezi womwewo, mbiri itamveka pa boma ponse kuti analandira chiphuphu. Pepala lija ndinaling'amba n'kuliponya m'chimbudzi. Popeza panalibe wina wodziwa kugwiritsa ntchito bokosi lakuda, a Mbewe anandipatsa ine makiyi a chipindacho. Nyumba ya malata imene munakuliramo inachokera pa makiyi amenewo.

Zaka pafupifupi makumi awiri zotsatira

Ndisaname, ntchitoyo ndinaigwira bwino, ndipo ndimanyadira. Ananditumiza ku Blantyre kukaphunzira kwa miyezi itatu, ndili wamkulu kuposa onse m'kalasi, anzanga akunditcha agogo. Masamu ankandilemera, koma pa zoyeza zenizeni mphunzitsi ankandiimika kutsogolo kuti ena aonere. Kumeneko ndi kumene ndinadziwa maina a zinthu zimene manja anga ankazidziwa kale.

Zosowa zinalipo zambiri. Nthawi ina mabatire a mita anasowa m'mashopu onse a pa boma, ndinachita kutuma dalaivala wa thiraki kuti akandigulire kutsidya. Pamene mafuta a galimoto anavuta, ndinkamangirira mita pa njinga n'kupita ndekha m'mapiri a kwathu kukayeza nyali zimene zinagwira ntchito chaka chathunthu, kuti tidziwe mtundu wokhalitsa. Chiswe chitadya bokosi, ndinakhoma lina lofanana ndendende, ndipo utoto wakuda utasowa ndinasakaniza mwaye ndi guluu. Mabwana anasinthana anayi. Mmodzi, amene sindimutchula, anandiitana n'kunena kuti, "A Fanuwelo, nyali izi ndi za munthu wamkulu. Mungoyang'ana ndi maso, zikuwala bwino." Ndinamuyankha kuti, "Bwana, maso anga sanalembedwe ntchito pano. Inalembedwa ndi mita." Sanandiyankhule mwezi wathunthu, koma nyalizo zinabwerera kumene zinachokera. Amalonda a pamalire anandipatsa dzina loti Katatu, chifukwa ndinkakana kusayina ndisanayeze katatu. Dzinalo linkandikomera. Sankadziwa kuti lamulolo silinali langa, ndiponso kuti kuuma mtima kwangako kunali ndi pochokera.

A Joakimu anatsegula kabenchi kokonzera mawailesi pafupi ndi malire. Tikakumana pamsika tinkapatsana moni wamba. Ndikawaonera patali ndinkakhotera njira ina.

Chaka chimene kunabwera mafoni

Bwana wanga womaliza anali mayi Tembo, mtsikana wa msinkhu wa Esitere, wochokera ku yunivesite, wodziwa kufunsa ndi kumvetsera. M'nthawi yawo bungwe linagawa mafoni kwa alangizi a zaumoyo a m'midzi kuti azilembamo za ana ndi amayi oyembekezera. Pa katoni analemba kuti sikirini yake ndi OLED, ife tinkangoti oledi. Mayi Tembo anandifotokozera kusiyana kwake. Sikirini yakale ili ndi nyali imodzi kumbuyo imene imayaka nthawi zonse, ndipo kutsogolo kuli ngati makatani otsekereza kuwalako. Ya oledi ilibe nyali kumbuyo. Ili ndi timadontho tambirimbiri ta mankhwala opakidwa mopyapyala kuposa khoko la anyezi, ndipo kadontho kalikonse kamayaka pakokha moto ukadutsamo. Pamene pali pakuda ndiye kuti timadonthoto tazimiratu.

"Ndiye a Fanuwelo, bokosi lanuli lingayeze zimenezi?" anafunsa, akuseka pang'ono.

"Mundipatse sabata, mayi."

Kuwala kwa sikirini n'kofooka poyerekeza ndi kwa nyali, ndiye kandodo kaja kanali kosathandiza. Ndinadula kapaipi kafupi, ndinapaka kuda m'kati, mbali ina ndinalowetsamo kadiso ka mita, inayo n'kuigunditsa pa galasi, molunjika bwinobwino, chifukwa ukapendeketsa pang'ono nambala imasintha. Ndinatsegula foni imodzi n'kulumikiza mita ya moto pa nthambo za batire. Kenaka ndinkayeza sikirini ili yoyera yonse, n'kuyezanso ili yakuda yonse. Ikakhala yoyera inkawala ndithu koma inkadya moto kwambiri. Ikakhala yakuda mita ya kuwala inkagona pa ziro, ndipo moto unkatsika zedi. Ndinabwereza mpaka ndinakhutira, n'kupita kwa mayi Tembo.

"Alangizi akudandaula kuti mafoni akutha moto dzuwa lili pamutu," ndinatero. "Mafomu amene amalembamo ndi oyera mbee, zilembo zakuda. Bwanji atembenuzidwe, pepala likhale lakuda, zilembo zoyera? Timadontho toyaka tichepa."

Anayang'ana manambala anga, anawerengera okha, n'kuimbira foni anthu a ku likulu ine ndili pomwepo. Anati, "Muli ndi mainjiniya angati kumeneko? Izi wazipeza bambo wa bokosi la matabwa." Mafomu anasinthidwa, ndipo alangizi a ku Kanduku anayamba kubwerera kunyumba mafoni akadali ndi moto. Pa ntchito yanga yonse, palibe tsiku limene ndinayenda mowongoka ngati limenelo.

Miyezi isanu ndisanapume pa ntchito

Njira za kwathu mumazidziwa. Alangizi ankagwa pa njinga, masikirini n'kumasweka. Bungwe linaganiza zogula masikirini ena osinthira kwa wamalonda wa konkuno, ndipo amene anapambana anali mayi wina wa shopu ya mafoni pamalire, dzina lake Rozina. Atalowa m'chipinda changa ndi katoni yake ndinamuzindikira msanga, chifukwa anatenga mphumi ya bambo ake. Anali mwana wa a Joakimu.

"Amalume Katatu," anatero mwansangala, "bambo akuti bokosi limeneli analiyambitsa ndi iwo. Muyeze mosamala, ndinakasankha ndekha ku Tete. Ndi oledi yeniyeni, pa katoni palembedwa."

Atachoka ndinaika sikirini yoyamba pa foni yoyeserera. Yoyera inawala bwino. Nditaisandutsa yakuda, mita sinatsike pa ziro. Ndinatseka chitseko ndi zenera, ndinayang'ana ndekha m'bokosi: mdima wakewo unali wotuwa, kuwala kukudontha m'mbali. Moto unkadyedwa chimodzimodzi, kaya yoyera kaya yakuda. Anali masikirini akale aja a nyali kumbuyo, atawaveka dzina latsopano. Rozina anapusitsidwa. Ndinayesa yachiwiri, yachisanu, yachikhumi, zonse chimodzimodzi.

Fomu inakhala pa tebulo langa masiku atatu. Ndinadziwa kuti ndikasayina palibe angandigwire. Masikiriniwo ankaonetsa zithunzi bwinobwino, mayi Tembo ankandikhulupirira, ndipo pofika nthawi yoti alangizi ayambenso kudandaula za moto ine ndidzakhala nditapuma. Mumtima ndinkati, banja ili ndinalilanda kale chakudya, nanga ndililandenso kachiwiri? Ndinkatinso mwina Mulungu wandipatsa mpata wobweza. Mayi anu anaona kuti sindikudya, anandifunsa, ndipo ndinawauza zonse, kuyambira pa pepala lija. Kanali koyamba kuuza munthu. Atamva anati, "Ndiye mukufuna kutsuka bodza ndi bodza linzake? Nanga alangiziwo anakulakwirani chiyani?"

M'mawa mwake ndinalemba manambala monga analili, ndinasayina, n'kukapereka. Oda ya Rozina inathetsedwa.

Loweruka la sabata yomweyo

Ndinakwera njinga kupita kumalire dzuwa litakwera. Ndinawapeza a Joakimu pakhonde la nyumba yawo, tsitsi lonse litayera, akupukuta wailesi imene sinkaoneka kuti ingalirenso. Ndinawapatsa moni, anandilozera mpando.

"Achimwene, ndabwera ndi nkhani ziwiri," ndinatero.

"Ya masikirini ndamva. Unayeza kangati?"

"Katatu, iliyonse."

"Mita inali yolunjika?"

"Inali yolunjika."

"Ndiye ndi abodza. Pulonto. Yachiwiri?"

Ndinawauza kuti tsiku lija muofesi ya a Mbewe pepala lawo linali m'thumba mwanga, kuti ndine ndinasiya vigula pokopera, ndiponso kuti ndinaling'amba iwo atachotsedwa.

Anapitiriza kupukuta wailesiyo. "Fanuwelo, ukundiuza chiyani chachilendo? Thumba la shati yako linali lotupa, ndinaliona. Chaka choyamba ndinkakudikira tsiku ndi tsiku pa benchi paja. Kenaka ndinasiya." Anaika nsanzayo pansi. "Ine nkhaniyi ndinaimaliza kale. Alipo amene sanaimve. Rozina, tabwera kuno."

Rozina anatuluka m'nyumba, ndipo atandiona anaima pakhomo, manja atapinda.

"Nena zimene wandiuza ine," anatero a Joakimu. "Osadumpha."

Ndinanena zonse kachiwiri, ndikuyang'ana pansi. Zinali zolemera kuposa poyamba.

"Mukudziwa dzina limene ankanditchula ku pulayimale?" anafunsa Rozina. "Mwana wa Nyalizakufa. Ndinamenyapo mtsikana wina chifukwa cha dzinalo, koma mumtima ndinkakhulupirira kuti n'zoona. Bambowa ndikawafunsa ankangoti zinatha." Anatembenukira kwa iwo. "Inunso bambo, munkadziwa, n'kundisiya ndizimutcha munthu ameneyu amalume?"

"Ndinalibe pepala, mwanawe. Ndikanati mnzanga ndi wabodza popanda umboni, ndikanasiyana pati ndi a Mbewe?"

Rozina anandiyang'ananso. "Nanga masikirini anga? Simunaganize kuti mungowalola, poti munatilakwira kale?"

"Ndinaganiza masiku atatu."

"Akanawalola ndikanamuthamangitsa pakhonde pano," anatero a Joakimu.

"Inu khalani kaye chete, bambo." Mawu ake sanakwere. "A Fanuwelo, bodza lanu munalinena muofesi, anthu analimva pa boma ponse. Choonadi mwabwera nacho kuseri kuno, pakhonde, kwa anthu awiri. Sizikukwana."

Sindinatsutse, chifukwa ananena zoona.

Tsiku lotsanzikana

Anandikonzera mwambo m'chipinda cha misonkhano. Kunabwera anzanga a muofesi, alangizi ena a zaumoyo, ndi amalonda angapo amene ndinawakanirapo katundu. Mayi Tembo anayankhula za mafomu akuda aja, anthu anaomba m'manja, ndipo ndinamva kukoma, sindibisa. Itafika nthawi yanga ndinatulutsa kalata imene ndinailemba ndi dzanja langa, n'kuiwerenga yonse ndili chiimire. Ndinati bokosi, kandodo ndi lamulo la katatu zinali za a Joakimu, kuti iwo sanalandire chiphuphu kwa munthu aliyense, ndipo wolakwa ndi wonama ndinali ine. Ndinapempha kuti kalatayo iikidwe m'faelo yawo ngati ikadalipo. Mayi Tembo anaifunafuna sabata yonse m'makatoni akale, anaipeza, n'kuikamo kalatayo ndi chidindo cha bungwe. Ena mwa anzanga anandigwira dzanja potuluka. Ena sanandiyang'ane, ndipo sindiwaimba mlandu.

Inu ana anga simunalipo, ndipo ndinapempha mayi anu kuti asakuuzeni pa foni. Ndinafuna muzimve kwa ine, zonse pamodzi, zabwino ndi zoipa zomwe. Ntchito imene inakulerani ndinaipeza molakwika, koma ndinaigwira moona. Zonse ziwirizi ndi zanga, ndipo musatayepo chimodzi pouza ana anu.

A Joakimu sanabwere ku mwambowo, anati miyendo ikuwawa. Rozina anabwera. Anaima pakhomo kuyambira pamene ndinayamba kuwerenga mpaka pamene ndinamaliza, ndipo anachoka zakumwa zisanagawidwe. Shopu yake ikadalipo pamalire, yachepa katundu koma ikuyenda. Ndikadutsapo ndimapereka moni, ndipo amayankha. Mpando sanandipatsebe.